Ulendo Wanga pa Sitima ya Ilala

Wolemba Mlangizi wa Zaulimi, Likangala, Zomba

Abale anga alimi, ife a kuno ku Likangala timati madzi tiwadziwa. Mtsinje wathu utsika kuchokera ku phiri la Zomba, nuthirira mpunga wa m'sikimu, nukathira m'nyanja ya Chilwa. Ana athu akulira matemba, makumba ndi milamba. Palibe mudzi kuno wopanda munthu amene anakwerapo boti pa Kachulu kunka ku Chisi. Koma kuyenda n'kuona. Ine ndakaona madzi ena ndi chombo china, ndipo ndabwerako ndi mau amene ndifuna tikambirane nyengo ino imene matumba a mpunga ndi chimanga ali kuoloka nyanja tsiku ndi tsiku.

Titatha kukolola ndinapempha tchuthi kuti ndikaone m'mene anzathu alimira mpunga wa Kilombero ku Hara, pafupi ndi Chilumba m'boma la Karonga. Basi inalipo, koma ine ndinasankha njira ya pamadzi, pakuti kuyambira ubwana wanga ndinali kungomva dzina la Ilala osaiona ndi maso. Ndinanyamuka Lachinayi m'mawa, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, ndipo dzuwa lili kulowa ndinafika ku Monkey Bay, kumene eni dziko amati Lusumbwe. Kumeneko ndiko kwawo kwa sitimayi. Ndiko imapumula, ndiko imakonzedwa.

KUKULA KWAKE NDI MBIRI YAKE

Kutacha Lachisanu ndinaipeza itaima padoko, anthu ali piringupiringu kukweza katundu. Utali wake ndi mamita 52, kapena kuti mapazi 172. Mutaiika m'bwalo la mpira ingafike pakati. Ingathe kunyamula anthu 365 ndi katundu wolemera matani 100. Tikawerengera mwa chilimi, matani 100 ndiwo matumba 2,000 a makilogalamu 50. Ku nyanja zikuluzikulu za mchere sitima yotere amaiyesa kamwana, pakuti kumeneko ziliko zonyamula anthu zikwizikwi. Koma kwa munthu wozolowera maboti a matabwa a pa Kachulu, Ilala ndi mudzi wathunthu woyandama.

Sitimayi ndi nkhalamba, ndipo agogo ambiri a m'midzi mwathu muno ndi ana kwa iyo. Inapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, pafupi ndi Glasgow m'dziko la Scotland, ndipo oitanitsa anali a Nyasaland Railways. Tsono mufunsa kuti inafika bwanji kuno, popeza dziko lathu lilibe gombe la nyanja ya mchere? Anaiphwasula zidutswazidutswa, nazikweza m'sitima ina kufikira ku Beira, ndipo kuchokera kumeneko zinabwera ndi njanji kudzafika ku Chipoka. Amisiri anazilumikizanso kunyanja konko, ndipo mu 1951 inayamba ntchito.

Dzinali lili ndi mwini. Ilala ndi dera la m'dziko la Zambia kumene Dr David Livingstone anamwalirira mu 1873, yemwe uja anafika pa nyanja yathu ya Chilwa mu April 1859, kutatsala miyezi isanu kuti akaone nyanja yaikulu. Sitima yoyamba kutchedwa dzinali inali yaing'ono, yoyendera moto wa nkhuni, ya amishoni a Livingstonia, ndipo nayonso inapangidwa ndi a Yarrow. Inakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire. Pofika pa mathithi a pakati pa Kapichira ndi Matope anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana anaisenza pamutu kufikira pamene madzi adekhanso. Inalowa m'nyanja pa 12 October 1875, Dr Robert Laws ali m'menemo. Chotero imene ndinakwera ine ndi Ilala yachiwiri.

NYUMBA YA NSANJIKA ZITATU

Kuti mumve bwino mamangidwe ake, ganizani za nyumba ya nsanjika zitatu yosanjikidwa pa beseni lalikulu lachitsulo.

M'mimba mwa beseni limeneli, pansi penipeni, muli mainjini awiri a dizilo, ndipo chakutsogolo kuli dzenje lalikulu losungiramo katundu wolemera. Pamwamba pa dzenjelo pali makina a chingwe amene amanyamula matumba a chimanga ndi simenti ngati munthu wotola zipatso, nawatsitsira m'kati.

Nsanjika yoyamba ndiyo ya anthu ambiri, ya mtengo wotsika, imene eni ake amati ekonome. Muli mabenchi a matabwa, ndipo amene wachedwa amayala chitenje pansi natsamira thumba lake. M'menemo ndinaonamo malata, njinga, nkhuku zomanga miyendo, nthochi, chinangwa ndi madengu a usipa wouma. Muli kutentha kwa injini, phokoso ndi fungo la nsomba, komanso muli macheza. Chichewa, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka zimamveka pa benchi imodzi. Pali pogulira nsima ya nyemba kapena ya nsomba, ndipo munthu sagona ndi njala. Pa nsanjika yomweyi palinso chipinda cha sekondi kalasi, chokhala ndi mipando yofewa ndi matebulo.

Mukakwera makwerero mufika pa nsanjika yachiwiri, pamene pali tizipinda togona towerengeka. Kachipinda kali konse kali ndi bedi loyala bwino, zenera loonera nyanja ndi posambira m'manja. Zimbudzi ndi mabafa amagwiritsa pamodzi. Chipinda chimodzi chokha ndicho chachikulu, chokhala ndi bafa lakelake, ndipo amachitcha chipinda cha mwini sitima. Apa ndi pa alendo ochokera kunja ndi ena a matumba olemera. Palinso chipinda chodyera, m'mene chambo chimabwera pa mbale ndi mpeni ndi foloko.

Pamwamba pa zonse pali bwalo lopanda makoma, lokhala ndi mthunzi mbali imodzi ndi pogulitsira zakumwa. Apa ndi pa fesiti kalasi. Palibe bedi, amene afuna amabwereka matiresi nagona poyera, nyenyezi zili denga. Chakutsogolo kwa sitima kuli chipinda cha mawindo ambiri m'mene mukhala kaputeni ndi chiwongolero, kampasi ndi wailesi. M'mbali zonse ziwiri mwapachikidwa maboti awiri a injini, amene ndidzanena za iwo posachedwa.

Ine ndinalimba mtima, ndinagula tikiti ya pabwalo la pamwamba. Ndinati ulendo wotere subwera kawiri, ndipo tikiti imeneyo inandilola kutsika ndi kukwera kuti ndione zonse.

USIKU WA MWERA

Masana onse nyanja inali yofatsa. Dzuwa litalowa tinaona nyali za asodzi a usipa zili ndandanda, kunga tauni yomangidwa pamadzi. Koma pakati pa usiku mwera unadzuka. Ife a ku Chilwa mwera tiudziwa, koma pa nyanja ya makilomita oposa 550 mphepo imathamanga mtunda wautali popanda choitchinga, ndipo mafunde amakula msinkhu woposa munthu. Matiresi anga anayamba kutsetsereka, kuzizira kunalowa m'mafupa, ndipo nseru inandigwira. Ndinatsika makwerero ndili dzandidzandi kufikira ku ekonome. Taonani, kumeneko amayi ali mtulo ndi ana awo, kuli kofunda, ndipo kugwedezeka n'kochepa! Ine wolipira zambiri ndine ndinali kuvutika.

Mmalinyero wina wachikulire anandiona naseka. Anati, "Achimwene, mtengo ukamagwedezeka ndi mphepo, kumene kumavina ndi kunsonga, osati kutsinde. Khalani pano mumwe tiyi."

Ndinakhala naye kufikira mbandakucha, ndipo zimene anandifotokozera ndi izi.

Choyamba, chitsulo chimira, koma beseni lachitsulo limayandama chifukwa m'kati mwake muli malo opanda kanthu. Mukaikamo miyala limatsika pang'onopang'ono, koma silimira kufikira madzi atafika pamlomo. Moyo wa chombo chili chonse uli pa kampata ka pakati pa madzi ndi mlomo wake. Kampatako kakachepa, funde limodzi likwanira.

Chachiwiri, zolemera zonse amaziika pansi: mainjini, mafuta, simenti, chimanga. Pamwamba pamakhala zopepuka. N'chifukwa chake sitima ikapendekeka ndi funde imadzukanso yokha. Inu a ngolo za ng'ombe muzidziwa izi. Ngolo yosanja matumba mpaka kumwamba ndiyo imagubuduka pa kachulu kakang'ono.

Chachitatu, mimba ya sitima yachitsulo siikhala phanga limodzi. Amaigawa ndi makoma osalola madzi, monga nsungwi igawidwa ndi mfundo zake. Pakabooka pamodzi, madzi amadzaza chigawo chimenecho chokha, ndipo zina zimaigwirabe sitima.

Chachinayi, anandiuza kuti kukacha ndikayang'ane kunja kwa sitima, kumphuno ndi kumbuyo. Ndinayang'anadi, ndipo ndinaona manambala olembedwa ndi utoto kutsika mpaka m'madzi. Amenewo ndiwo auza kaputeni m'mene sitima yatsikira ndi katundu. Nzeru yolemba malire pa chombo ndi yakale. Ku Britain, eni sitima aumbombo ankadzaza katundu mopitirira, ndipo amalinyero ambiri ankamira. Munthu wina wa m'nyumba ya malamulo, dzina lake Samuel Plimsoll, analimbana nawo zaka zambiri, kufikira mu 1876 lamulo linakhazikitsidwa lakuti sitima zikhale ndi mzere wosonyeza malire a katundu. Mpaka lero mzerewo utchedwa ndi dzina lake.

MABOTI AWIRI AJA

Loweruka tinafika ku Likoma. Tisanafike ndinaona utsi wakuda ukukwera pakati pa nyanja, ndipo ndinayesa chombo china chapsa. Anzanga anandiseka, nati ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi. Anthu a kumeneko amatikola natiumba timitanda ta ndiwo.

Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi, ngakhale zili pafupi ndi gombe la Mozambique. Nthaka yake ndi ya mchenga ndi miyala, ya milambe ndi chinangwa. Monga mlangizi ndinaona msanga kuti chimanga cha pomwepo sichingakwanire anthu onse. Ufa, shuga, sopo, simenti ndi mankhwala zimadzera pamadzi, ndipo tsiku la sitima ndilo tsiku la msika. Ndinathamanga kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Ndi chodabwitsa kupeza nyumba yotere pa kachilumba kotere.

Pa ulendo wangawo, m'malo ambiri sitima siinali kugunda kumtunda. Inali kuponya nangula patali, ndipo maboti awiri aja anali kutsitsidwa ndi zingwe. Anthu anali kutsikiramo pa makwerero a m'mbali, ana akupatsirana m'manja, ndipo boti linali kupita ndi kubwera kufikira onse atatha. Pofika kugombe munthu amapinda buluku nalumphira m'madzi ofika m'mawondo. Maboti amenewa ndiwonso opulumutsira anthu pa tsoka, ndipo pa lili lonse palembedwa chiwerengero cha anthu oyenera kukwera. Chimene chinandimvetsa manyazi ndi khalidwe la ife okwera. Aliyense afuna kukhala woyamba, ngati kuti gombe lithawa, ndipo amalinyero amachita kusasa mau potiletsa.

Titapitirira Nkhata Bay, Lamulungu tinaima pa Usisya ndi pa Ruarwe. Kumeneko mapiri amagwera m'nyanja chindunji, ndipo midzi yakanirira m'mphepete ngati zisa za namzeze. Ku Ruarwe galimoto silifika. Njira ndi ya miyendo kapena ya pamadzi. Chigawo chimenechi ndicho chozama koposa, pafupifupi mamita 700. Ndinakumbukira Chilwa wathu, amene kawirikawiri kuzama kwake sikupitirira mamita 3, ndipo ndinagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri.

MANDA A M'MADZI

Madzulo ake, phiri la Livingstonia lili kuoneka kumanzere, mmalinyero uja anandikodola nandilozera madzi. Anati m'chigawo chimenecho ndimo mugona Vipya. Sitima imeneyo inali yatsopano, itangoyenda maulendo owerengeka. Pa 30 July 1946, m'nyengo ya mwera yomweyi, inali kuoloka kuchokera ku Mbamba Bay, ndipo mphepo ndi mafunde zinaigubuduza. Anthu 145 anatayika tsiku limodzi. Ilala inabwera kudzalowa m'malo mwake. Chotero zimene ndakusimbirani zija, za katundu wa pansi, za manambala ndi za maboti, musaziyese zokongoletsa. Nyanja inayamba yalanga, anthu naphunzira.

Tinafika ku Chilumba kutada, patapita masiku atatu chichokere ku Monkey Bay.

TSONO ZA IFE PA KACHULU

Wina anena kuti, bwanji Boma silitigulira Ilala yathu pa Chilwa? Abale, siingayende. Nyanja yathu ndi yosazama, yazingidwa ndi njedza, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe. Mvula ikavuta imaphwa. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona tokha anthu akuyenda pansi pamene kale panali kudutsa maboti. Sitima yachitsulo ikadangokhala m'matope ngati mvuu yakufa. Madzi ali onse ali ndi chombo chake. Boti la matabwa, losalowa kwambiri m'madzi, lotha kupondedwa ndi nsungwi m'tinjira ta m'njedza, ndilo loyenera Chilwa. Amisiri athu a maboti sanalakwe.

Cholakwika chili pa makwezedwe. Chaka chatha ndinali kupita ku Chisi kukaona alimi a kumeneko. Boti linali litadzaza kale, koma mwini wake analandirabe matumba ena asanu ndi njinga ziwiri, nazisanja pamwamba, anthu nakhala pamwamba pa matumbawo. Kuchokera pamadzi kufika pamlomo wa boti panatsala zala zinayi zokha. Ndinaziyesa ndi dzanja langa, koma ndinakhala chete, poopa kuti anditcha wamantha. Titatuluka m'njedza mphepo inatipeza. Madzi anayamba kulowa, amayi anayamba kulira, mnyamata wina anaimirira ndi mantha ndipo boti linapendekeka. Tinapulumuka chifukwa tinataya matumba awiri a chimanga m'madzi ndi kukapa ndi mbale zodyera. Mwini matumbawo anali mayi wamasiye, ndipo chinali chakudya cha ana ake cha miyezi iwiri. Ndalama zimene mwini boti anaonjezera pa matumba asanu aja sizikadagula ngakhale theka la thumba limodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tisadzinyenge kuti Chilwa ndi wosazama. Madzi a mamita 2 amiza munthu wamtali chimodzimodzi ndi a mamita 700, ndipo matope a pansi pake amagwira miyendo osaitaya. Ambiri a ife alimi sitidziwa kusambira, makamaka amayi obereka ana kumbuyo.

Chifukwa chake ndipempha zinthu izi, zimene sizifuna ndalama zambiri.

1. Eni maboti akhale pansi ndi mafumu, a komiti ya padoko ndi a Boma oona za maulendo a pamadzi, agwirizane malire a boti lili lonse. Alembe mzere wa utoto m'mbali mwake, ndi chiwerengero cha anthu kumphuno, poti aliyense aone. Mzere ukamira, katundu atsike.

2. Matumba, njerwa ndi simenti zigone pansi ndi pakati pa boti. Anthu akhale pansi, mbali zonse ziwiri mofanana, osati pamwamba pa katundu.

3. M'boti musasowe chokapira madzi, nkhafi zapadera ndi majekete oyandamitsa. Pamene majekete sanapezeke, zigubu zopanda kanthu zotseka bwino zikhalemo. Chigubu chimodzi chingagwire munthu kufikira thandizo litabwera.

4. M'miyezi ya mwera, June, July ndi August, olokani m'mamawa mphepo isanakule. Kumwamba kukaoneka koipa, gonani pa Kachulu. Mpunga suola ndi usiku umodzi.

5. Mphepo ikakupezani pakati, musaimirire ndipo musathamangire mbali imodzi. Mverani woyendetsa.

6. Inu wokwera, mukaona boti ladzaza, tsikani mudikire lina. Musachite manyazi monga ndinachitira ine.

Ilala yayenda pa nyanja yoopsa zaka zoposa 70, pamene Vipya siinathe ndi chaka chimodzi chomwe. Amene anaimanga anawerengera madzi amene idzayendamo, ndipo amene aiyendetsa amayang'ana manambala aja asanazule nangula. Ife tilibe mainjini awiri kapena wailesi, koma kachitini ka utoto tingakapeze, ndipo maso tili nawo. Tsoka silinunkha. Tavutika chaka chonse kufesa, kuokera, kupalira ndi kuingitsa mbalame. Tisakataye zokolola zathu ndi ana athu pa mtunda waufupi wa pakati pa Kachulu ndi Chisi.

Nkhaniyi muwawerengere anzanu amene sadziwa kuwerenga, makamaka eni maboti ndi asodzi a m'zimbowera. Za mpunga wa ku Hara, ndi m'mene anzathu a kumeneko agawanira madzi m'ngalande, ndidzakusimbirani sabata ya mawa. Tsalani bwino.